Fungo la fodya m'galimoto yogula kwa wina: Mafunso ndi mayankho

Galimoto ikhoza kukhala ndi injini yolira bwino, matayala atsopano ndi penti yowala, koma mukangotsegula chitseko, fungo la fodya n'kukuchingamirani. Ambiri amathamangira kugula zonunkhiritsa zopachika pagalasi, ndipo pakapita masiku ochepa amapeza kuti m'galimoto mukumveka zinthu ziwiri, fodya ndi perefyumu. Mafunso otsatirawa ndi amene anthu ogula galimoto yoti wina ankasutiramo amakonda kufunsa.

Mwini wake wakale anasiya kusutiramo kalekale, ndipo mawindo ndimatsegula tsiku lililonse. Nanga fungoli likuchokera kuti?

Likuchokera m'nsalu, m'siponji ndi papulasitiki. Utsi wa fodya uli ndi makemikolo oposa 7,000, ndipo ena mwa iwo, makamaka phula ndi nikotini, satulukira onse pawindo monga momwe timaganizira. Amatera paliponse n'kumata, ngati mwaye kudenga la khitchini. Ndudu imodzi imasiya pang'ono, koma munthu amene wakhala akusuta popita ndi pochokera kuntchito kwa zaka zingapo amasiya litsiro lachikasu, lomata, lolowerera mpaka mkati mwa mipando.

Kutsegula mawindo kumangochotsa mpweya wonunkha umene ulimo panthawiyo. Mukatseka, litsirolo limayambanso kutulutsa fungo pang'onopang'ono, ndipo kukatentha limatulutsa kwambiri. Galimoto yotseka ikaima padzuwa imatha kutentha mkati kupitirira madigiri 60 pa sikelo ya Celsius. N'chifukwa chake m'mawa mumaona ngati vuto latha, masana n'kupeza kuti lidakalipo. Tsiku lachinyontho nalonso limadzutsa fungoli.

Apa ndiye pagona nkhani yonse: phulalo liyenera kutsukidwa ndi manja. Chilichonse chimene sichilichotsa chimangolibisa kwa kanthawi.

Kodi ndi nkhani ya fungo chabe, kapena zingadwalitse?

Si fungo lokha. Mwa makemikolo a mu utsi wa fodya, pafupifupi 70 amadziwika kuti amayambitsa khansa, ndipo ena amatsalira pamene utsi unatera. Mu 2010, akatswiri a ku Lawrence Berkeley National Laboratory ku California anasonyeza kuti nikotini womata pazinthu amaphatikizana ndi asidi wina wopezeka mumpweya n'kupanga makemikolo otchedwa nitrosamines, omwe ena mwa iwo amayambitsa khansa. Makemikolowa anawapezanso mkati mwa galimoto ya munthu wosuta.

Zotsalirazi siziopsa mofanana ndi kukhala pafupi ndi munthu amene akusuta, koma si zozinyozera. Ana ndiwo ali pachiopsezo kwambiri chifukwa amagwira paliponse, kenako zala n'kulowa mkamwa. Anthu odwala mphumu nawonso amatha kuyamba kubanika m'galimoto yotereyi. Ngati galimotoyo inabwera ndi kampando ka mwana, musakagwiritse ntchito musanachape nsalu zake, ndipo ngati fungo lakana kuchoka, kasiyeni.

Ndiyambire pati?

Yambani ndi zouma, zonyowa zibwere pambuyo, ndipo muziyambira pamwamba kutsika pansi kuti litsiro lisagwere pamene mwakonza kale.

Tulutsani chilichonse chotheka kutuluka: timakapeti topondapo, zovindikira mipando, chovala cha chiwongolero, mapepala a m'timabokosi, ndi kambale kotayiramo phulusa. Zovindikira mipando ndi chovala cha chiwongolero zimene mwini wakale anasiya, kunena zoona, ndi bwino kungozitaya. Zamwa utsi kwambiri ndipo kuzisintha n'kosavuta. Kambale ka phulusa kaviikeni m'madzi otentha a sopo, kapena gulani kena.

Kenako gwirani huva, makina okoka fumbi. Musapupulume. Kankhirani mipando kutsogolo ndi kumbuyo, lowetsani kamlomo kakang'ono m'misoko ya mipando, m'njanji zake, m'mbali mwa giya, m'matumba a zitseko ndi pansi pa mpando wakumbuyo. Phulusa ndi zotsalira za ndudu zimabisala m'malo amenewa, ndipo chotsalira chimodzi chogwera pansi pa mpando chimatha kununkhitsa galimoto yonse. Mukathira madzi phulusa lisanachoke, limasanduka matope olowerera m'nsalu, ntchito n'kukula.

Sankhani tsiku louma, ladzuwa, ndipo muyambe m'mawa kuti zonse ziume kusanade.

Amati denga ndilo limasunga fungo kwambiri. Ndilikonze bwanji?

N'zoona. Utsi umakwera, ndipo denga la mkati ndi nsalu yomwe anthu ambiri saikonza chigulireni galimoto. Mukayang'anitsitsa pamwamba pa mpando wa dalaivala, chakufupi ndi windo, nthawi zambiri mumapeza kuti mtundu wake wasiyana ndi wa kumbuyo.

Koma malo amenewa ndi amenenso anthu amaonongapo galimoto. M'magalimoto ambiri nsalu ya kudenga imamatidwa ndi guluu pa kasiponji kopyapyala. Madzi akachuluka kapena nthunzi ikatentha kwambiri, guluuyo amasiya, nsalu n'kuyamba kulendewera pamutu panu, ndipo ikafika pamenepo palibe chochita koma kuisintha. Siponji ya galimoto yakale imakhala itafooka kale, ndiye imafunika kuigwira mwaulemu.

Tengani mankhwala otsukira nsalu za mipando, makamaka athovu. Musawapopere kudenga. Apopereni pa kansalu kofewa ka microfibre, mupukute mopepuka kachigawo kakang'ono, kenako mupukutenso ndi kansalu kena kouma. Kansaluko kakasanduka kachikasu, sinthani mbali kapena tengani kena, apo ayi mukungosuntha phula kuchoka apa kupita apo. Ngati pali pothimbirira, gwiritsani ntchito kaburashi kofewa kwambiri, osakanikiza. Ndi bwino kubwereza kawiri kapena katatu mopepuka, denga likuuma pakati pake, kusiyana ndi kulinyowetsa kamodzi n'kumaliziratu. Yesani kaye pakona posaonekera kuti muone ngati mankhwalawo sakusintha mtundu wa nsalu.

Musaiwale zotchingira dzuwa, mbali zonse ziwiri, ndi nsanamira za m'mbali mwa magalasi.

Nanga mipando ya nsalu ndi kapeti?

Pamenepa soda wophikira amathandiza. Muwazeni pamipando ndi pakapeti zili zouma, mumufikise pang'ono ndi burashi kuti alowe, mumusiye usiku wonse, m'mawa mumukoke ndi huva. Amachepetsa fungo, koma musamuyembekezere kuchita zozizwitsa. Soda amafika pamwamba pokha, pamene phula lambiri lili pansi pa nsalu.

Chimene chimasintha zinthu kwenikweni ndi makina amene amapopera madzi a sopo m'nsalu n'kuwayamwanso nthawi yomweyo. Madzi amene amabwerera m'makinawo kuchokera mumpando wa munthu wosuta amakhala ofiirira, ndipo muyenera kubwereza mpaka atayamba kuyera. Ngati mulibe makinawa, otsuka magalimoto ambiri ali nawo. Mukamatsuka ndi manja, gwiritsani ntchito madzi ofunda pang'ono, sopo wochepa, burashi ndi matawulo ouma oyamwira madziwo. Sopo akachuluka amatsalira m'nsalu n'kumakoka fumbi.

Chenjezo n'lakuti musamize mipando m'madzi. Pansi pa mipando ya magalimoto ambiri pali mawaya ndi zipangizo zamagetsi, ndipo mipando ina ili ndi ma airbag (matumba a mpweya oteteza pangozi) m'mbali. Mukafuna kuzula mipando kuti mukonze bwino kapeti, funsani makaniko, chifukwa kuzula mawaya ake batire isanachotsedwe kumayatsa nyali yochenjeza ya ma airbag. Komanso siponji ikanyowa kwambiri n'kulephera kuuma imachita nguwi, ndipo fungo la nguwi ndi louma mutu kuposa la fodya. Mukamaliza, siyani zitseko zotsegula, ngati muli ndi fani iikeni iziuzira mkati mpaka mpando utaumiratu, osati pamwamba pokha.

Mipando yanga ndi yachikopa. Njira ndi yomweyo?

Ayi, koma inu muli ndi mwayi, chifukwa chikopa cha m'galimoto chimakhala chokutidwa ndipo sichimwa utsi ngati nsalu. Gwiritsani ntchito mankhwala opangidwira chikopa ndi kaburashi kofewa, makamaka m'misoko ndi m'makwinya, mupukute, kenako mupake mafuta ofewetsa chikopa. Viniga wamphamvu, spiriti ndi sopo wochapira zovala zimaumitsa chikopa n'kuching'alula. Ngati chikopacho ndi cha timabowo, musathire mankhwala pampando, chifukwa amalowa m'timabowomo. Aikeni pa kansalu.

Ndatsuka mipando ndi denga koma fungo likumvekabe. Ndaiwala chiyani?

Kawirikawiri ndi malamba. Lamba wa dalaivala amadutsa pachifuwa pa munthu wosuta, pamene utsi umadutsa, kenako amakulungika n'kubisala m'khoma la galimoto. Mukokeni yense mpaka kumapeto, mumupanikize ndi kapegi kuti asabwerere, mumutsuke ndi madzi ofunda ndi sopo wofatsa, ndipo aume asanabwerere m'malo mwake. Musagwiritse ntchito mankhwala a klorini kapena ena amphamvu, chifukwa amafooketsa ulusi, ndipo lamba wofooka sangakugwireni pangozi.

Chachiwiri ndi magalasi. Mkati mwake mumakhala chifunga chamafuta chimene chimaonekera bwino usiku, nyali za magalimoto obwera kutsogolo zikamaoneka zomwazika. Pukutani kawiri kapena katatu, ndipo tsitsani windo pang'ono kuti mufike m'mphepete mwake mwa pamwamba. Ngati magalasi anamatidwa pepala lodetsa, pewani mankhwala okhala ndi amoniya chifukwa amaononga pepalalo.

Kenako pulasitiki yense: dashibodi, chiwongolero, giya, mabatani, zogwirira za kudenga, zitseko, mkati mwa timabokosi ndi mphira wa m'mphepete mwa zitseko. Chiwongolero chimafuna kubwereza, poti zala zogwira ndudu ndi zomwezo zimachigwira. Buti nayo ikonzeni, ngakhale kuti munthu sasutira kumeneko.

Fungo limabuka ndikangoyatsa eyakoni. Zikutanthauza chiyani?

Zikutanthauza kuti utsi unalowa m'njira za mpweya. Munthu akamasuta eyakoni ikuzungulitsa mpweya wa mkati, utsi umakokedwa n'kudutsa mu fyuluta, pa fani, pa chipangizo choziziritsa mpweya ndi m'mapaipi onse opita ku dashibodi. Ngakhale mutatsuka galimoto yonse, mukasiya mbali imeneyi, eyakoni izikubwezerani fungo tsiku lililonse.

Yambani ndi kusintha fyuluta ya mpweya wolowa mkati. Si imodzimodzi ndi ya injini. M'magalimoto ambiri imakhala kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa pasenjala, ndipo kuisintha kumatenga mphindi zochepa. Opanga magalimoto ambiri amalangiza kuisintha pakati pa makilomita 15,000 ndi 30,000, koma m'galimoto yogula kwa wosuta musawerenge makilomita, ingosinthani. Ngati ilipo yokhala ndi makala apadera oyamwa fungo, sankhani imeneyo. Magalimoto ena akale alibe fyuluta yotereyi, ndiye onani m'buku la galimoto yanu.

Dongosolo labwino ndi ili: chotsani fyuluta yakale, tsukani njira za mpweya, kenako ikani yatsopano. Pali mankhwala athovu kapena opopera opangidwira kutsuka eyakoni. Ena amalowetsedwa pa malo a fyuluta, ena pa malo amene mpweya wakunja umalowera, omwe ali kunsi kwa galasi lakutsogolo pafupi ndi mawaipa. Tsatirani malangizo a pa botolo. Timazenera totulutsa mpweya tipukuteni ndi kaburashi kakang'ono. Mukatero yatsani fani mwamphamvu kwa mphindi khumi kapena kuposerapo, mawindo ali otsegula, poyamba mpweya wozizira, kenako wotentha, mukusintha kuti uzituluka kumapazi, kumaso ndi kugalasi.

Zonsezi muchitire panja. Injini yolira m'garaja yotseka imatulutsa mpweya wa carbon monoxide, womwe sununkha koma umapha.

Anthu amatchula viniga, makala ndi khofi. Zimagwiradi ntchito?

Zimathandiza, chilichonse pa mlingo wake. Viniga woyera wa m'nyumba amakhala ndi asidi pafupifupi 5 peresenti, ndipo amathandiza kusungunula nikotini. Mukamusakaniza ndi madzi mulingo wofanana, ndi wabwino kupukutira magalasi ndi pulasitiki wolimba. Fungo lake limatha pakapita maola angapo. Kusiya mbale ya viniga m'galimoto usiku wonse kumachepetsako fungo la mumpweya, koma phula la m'mipando sikulikhudza.

Makala apadera oyamwa fungo, amene amagulitsidwa m'timatumba, ndi abwino kuika pansi pa mipando mukamaliza kutsuka kuti azitola fungo lotsalira. Makala wamba amayamwa pang'ono poyerekeza ndi amenewa, ndipo amadetsa. Khofi, makoko a malalanje ndi zina zotero zimangophimba.

Chimodzi chimene chimafala koma n'kutaya zinthu: kusakaniza soda ndi viniga. Thovu lake limaoneka ngati ntchito ikugwirika, koma ziwirizi zimathetsana mphamvu n'kutsala madzi amchere. Gwiritsani ntchito chilichonse pachokha.

Bwanji osangoika perefyumu wamphamvu?

Chifukwa mphuno imazolowera. Pakapita sabata inu simumvanso kanthu, koma aliyense amene mwamutenga amamva fodya wosakanikirana ndi maluwa, ndipo ena mutu umawapweteka. Zonunkhiritsa zili ndi malo ake, koma pamapeto, galimoto itayera kale.

Ndamva za makina a ozoni. Ndi otetezeka?

Amagwira ntchito, koma si choseweretsa. Ozoni ndi mpweya wokhala ndi maatomu atatu a okosijeni, ndipo umaphwanya makemikolo onunkha pamene wawakhudza. Ubwino wake ndi woti umalowa m'malo amene dzanja silingafike, monga m'mapaipi a eyakoni. N'chifukwa chake akatswiri otsuka magalimoto amaugwiritsa ntchito.

Koma mpweya womwewo umapweteka mapapo, umatsokomoletsa ndipo umadzutsa mphumu. Bungwe loona za chilengedwe la ku United States, EPA, limachenjeza za kugwiritsa ntchito makinawa m'malo amene muli anthu. Choncho makina akamagwira ntchito, m'galimoto musakhale munthu kapena chiweto. Galimoto ikhale panja, mawindo otseka, fani ikuzungulitsa mpweya wa mkati. Tsatirani nthawi imene opanga makinawo analemba, ndipo ndi bwino kuyatsa kwa nthawi yochepa kangapo kusiyana ndi kusiya usiku wonse, chifukwa ozoni wochuluka amaumitsa mphira ndi kufooketsa zinthu zina za mkati. Mukazimitsa, tsegulani zitseko zonse, muchokepo, ndipo musalowemo mpaka fungo lake lakuthwa litatheratu.

Ozoni abwere pomaliza. Mukamuyatsa m'galimoto yosatsuka, amangofika pamwamba pa litsiro, ndipo pakapita milungu ingapo fungo limabwerera. Kuwonjezera apo, ozoni akakumana ndi nikotini wambiri amapanga tinthu ting'onoting'ono touluka timene timalowa mpaka mkati mwa mapapo. Ngati wotsuka magalimoto akukulonjezani kuti angoika makina kwa ola limodzi osagwira nsalu kapena burashi, pitani kwa wina.

Ndi mankhwala ati amene ndiyenera kupewa?

Musasakanize mankhwala oyeretsera a klorini ndi viniga kapena amoniya. Amatulutsa mpweya wapoizoni, ndipo m'galimoto malo ndi ochepa kwambiri. Klorini amachotsanso mtundu wa nsalu. Petulo, parafini ndi thinala musayese n'komwe: zimayaka, zimasungunula pulasitiki, ndipo fungo lake silichoka msanga. Pa sikirini ndi pa galasi la mamita musapoperepo chilichonse, ingopukutani ndi kansalu konyowa pang'ono. Pa chiwongolero ndi pa zopondera musapake mankhwala owalitsa, chifukwa amaterera.

Zitenga nthawi yaitali bwanji, ndipo fungo lidzatheratu?

Zimadalira kuti munthuyo ankasuta kwambiri bwanji, kwa zaka zingati, komanso ngati ankatsegula windo. Galimoto imene ankasutiramo mwa apo ndi apo imatha kuyera ndi ntchito ya tsiku limodzi. Imene ankasutiramo tsiku ndi tsiku imafuna kubwereza, chifukwa mukachotsa phula la pamwamba, la mkati limakwera pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha: tsukani, yendani nayo sabata kapena awiri, kenako bwerezani pamene pakununkhabe.

Poyesa ngati ntchito yatheka, musadalire mphuno yanu. Tsekani galimoto, muisiye padzuwa kwa maola angapo, kenako mupemphe munthu wosasuta amene sanalowemo tsiku limenelo kuti atsegule chitseko ndi kukuuzani chilungamo. Mukhozanso kununkhiza malo amodziamodzi, mphuno pafupi, kuti mudziwe ngati vuto latsala kudenga, pampando kapena pakapeti.

Pali magalimoto ena amene fungo silitheratu ngakhale mutatani, chifukwa lalowa m'siponji ya mipando ndi m'zofunda za pansi pa kapeti. Zikafika pamenepo, njira yotsala ndi kusintha zinthuzo. Yambani ndi denga ndi mpando wa dalaivala, poti ndi zimene zimamwa utsi wambiri.

Nanga ndudu zamagetsi, nazonso zimasiya kanthu?

Zimasiya. Phula ndi phulusa palibe, koma nthunzi yake ili ndi makemikolo otchedwa glycerin ndi propylene glycol, ndipo kawirikawiri ilinso ndi nikotini. Zimasiya chifunga chamafuta pamagalasi ndi kafungo kotsekemera m'nsalu. Kuchotsa kwake n'kosavuta poyerekeza ndi fodya wamba, ndipo njira ndi yomweyi.

Ndikufuna kugula galimoto. Ndingadziwe bwanji kuti ankasutiramo ngati wogulitsa wabisa fungo?

Pemphani kuti muione itaima yotseka kwa kanthawi, makamaka masana. Mukapeza mawindo onse otsegula kale ndipo mkati mukununkhira perefyumu kwambiri, dzifunseni chifukwa chake. Lowani, tsekani zitseko, yatsani mpweya wotentha kwa mphindi zingapo, kenako wozizira, ndipo mununkhize pa timazenera totulutsa mpweya.

Maso nawonso agwire ntchito. Yang'anani timabowo topsa pampando wa dalaivala, pakapeti ndi pa nsanamira ya pafupi ndi windo. Onani ngati denga lachita chikasu, tsegulani kambale ka phulusa, ndipo ngati pali choyatsira ndudu chisololeni muone kunsi kwake. Kokani lamba mpaka kumapeto mumununkhize, chifukwa otsuka mwachangu samufika. Kansalu koyera konyowa pang'ono mukakapukutira pamwamba pa galasi lakutsogolo kapena kuseri kwa chotchingira dzuwa kamaulula zonse.

Mukapeza zizindikirozi sikuti galimotoyo ndi yoipa. Werengerani ndalama zotsukira, za fyuluta yatsopano, mwinanso zosinthira denga, ndipo muzitchule pokambirana mtengo. Koma ngati m'banja mwanu muli khanda kapena munthu wa mphumu, ndipo fungo ndi lamphamvu ngakhale galimoto itatsukidwa kale, funani ina.